Anthu Amene Anagwa Pakati pa Matebulo: Umboni wa Mlembi wa ku Majaua

Umboni uwu ndikupereka kwa anzanga onse amene ntchito yawo ndi kulemba mayina a anthu, kuwerengera minda ndi kukonza ndandanda za olandira thandizo, makamaka amene ayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya R. Ndine mwana wa ku Majaua, m'boma la Milange, chigawo cha Zambézia, kumene mtsinje wa Ruo umatilekanitsa ndi abale athu a ku Malawi. M'chaka cha 2023 ndinachotsa mabanja osauka pa ndandanda ya olandira mbewu. Sindinabe, sindinalandire chiphuphu, ndipo panalibe amene ndinkamusungira chakukhosi. Ndinaphatikiza matebulo angapo mothamanga, osayang'ana chimene chinatuluka. Koma njala ya mabanja amenewo inawawa chimodzimodzi ngati kuti ndinawachotsa dala.

Kuti mumvetse mmene zinayendera, muyambe mwadziwa moyo wa m'malire, chifukwa wonsewo umalowa m'matebulo athu. Munthu wa kuno amagulitsa nandolo ndi metikali lero, mawa n'kukagula sopo ndi kwacha. M'foni mwake mumakhala nambala ya Movitel kapena Vodacom, ndi ina ya TNM kapena Airtel yoimbira abale a kutsidya. Kusukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, kunyumba timalankhula Chichewa, ena Chilomwe. Pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, makolo athu ambiri anathawira ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Nsanje, ndipo ana obadwira kumeneko analembedwa mayina ndi alembi a ku Malawi. Atabwerera kwawo, alembi a kuno anawalembanso mwa kalembedwe ka Chipwitikizi. Ndiye mayi mmodzi yemweyo ali Mbewe pa khadi la kusikelo, pa chiphaso ali Mbeue. Wina ali Phiri uku, Piri uko. Ngakhale dera lathuli ena amalemba Majaua, ena Majawa. Munthu akamva ndi khutu amadziwa kuti dzina ndi limodzi. Kompyuta imaona anthu awiri osadziwana.

Ndimagwira ntchito ku bungwe laling'ono la alimi. Poyamba zonse ndinkachita mu Excel, kukopera ndi kumata mpaka maso kuwawa. Kenako mnzanga wina amene anaphunzira ku Quelimane anandionetsa R, pulogalamu yowerengera imene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anaiyambitsa pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndi yaulere, pamene Stata ndi SPSS zimafuna ndalama za laisensi zimene bungwe ngati lathu silingakwanitse. Ikangolowa m'laputopu imagwira ntchito popanda intaneti, zimene n'zofunika kwambiri kudera kumene netiweki imabwera n'kuchoka mmene yafunira. Ndinaikonda kwambiri. Ntchito imene kale inkandidyera sabata ndinkaimaliza masana amodzi, ndipo akuluakulu anga anayamba kunditchula pa misonkhano. Kutamandidwako kunandilowa m'mutu. Ndinayamba kuyeza ntchito yanga ndi liwiro lokha, ndipo ndinasiya kufunsa nzeru kwa aliyense. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pa 11 Malichi 2023 namondwe wa Freddy anafika kumtunda kachiwiri pafupi ndi Quelimane, n'kulowera kuno ndi kum'mwera kwa Malawi. Mvula imene inagwa pa phiri la Mulanje, kumene Ruo amachokera, inatsikira mumtsinjemo. Anthu anakumbukira madzi a Januwale 2015 amene anaononga ngakhale malo opangira magetsi a pa Ruo kuno ku Majaua. Chimanga chinali chitatsala pang'ono kukhwima, ndipo minda yambiri ya m'mbali mwa mitsinje inakokoloka kapena kukwiririka ndi mchenga. Bungwe lathu linapeza mbewu ya chimanga chocha msanga ndi nyemba zoti anthu adzale m'madimba chinyontho chisanathe. Ntchito yokonza ndandanda ya olandira inagwera ine, ndipo aliyense ankaifuna msanga.

M'manja mwanga munali mafayilo a mitundu itatu. Panali kaundula wa mamembala a bungwe, aliyense ndi nambala yake. Panali kafukufuku wa zoonongeka amene achinyamata athu anachita pa mafoni ndi KoboToolbox. Panalinso ma lista amene mafumu ndi asekeretale a m'midzi analemba pamanja, amene alangizi athu anawatayipa aliyense pa kompyuta yake, mudzi uliwonse fayilo lakelake la CSV. Chofunika kudziwa ndi chakuti kuphatikiza matebulo kuli pawiri. Pali kusanjikiza, pamene matebulo a makolamu ofanana amaikidwa lina pansi pa linzake kuti mizere ichuluke. Palinso kulumikiza, pamene mzere wa munthu m'tebulo ili umakapeza mnzake m'tebulo ilo, motsogozedwa ndi kiyi, ndiye kuti kolamu imene imasonyeza kuti uyu ndi yemwe uja. Ine ndinalakwitsa zonse ziwiri.

Ndinayamba ndi kusanjikiza ma lista a m'midzi. Ndinalemba lupu yoti iwerenge fayilo limodzi, ilimate pansi pa tebulo lalikulu ndi rbind(), itenge lina, ichitenso chimodzimodzi. Mafayilo akakhala ochepa palibe chimene chimaoneka. Akachuluka ntchito imayamba kukwawa, chifukwa nthawi iliyonse imene mwaitana rbind(), R amapanga tebulo latsopano n'kukoperamo zonse zimene zinalipo kale. Zili ngati mlimi amene akabwera ndi dengu limodzi la chimanga amayamba wamanga nkhokwe yatsopano, kusamutsiramo chimanga chonse cha m'nkhokwe yakale, kenako n'kuthira dengu lakelo, ndipo dengu lotsatira likafika amamanganso ina. Patrick Burns, m'buku lake lotchedwa The R Inferno, anaika chizolowezi chimenechi pakati pa zolakwa zoyambirira za olemba R. Njira yoyenera ndi kutenga mayina a mafayilo onse ndi list.files(), kuwawerenga onse ndi lapply() kuti akhale mumndandanda umodzi, kenako kuwasanjikiza kamodzi kokha. Mungagwiritse do.call() pamodzi ndi rbind, kapena rbindlist() wa m'phukusi la data.table limene anayambitsa Matt Dowle, kapena bind_rows() wa m'phukusi la dplyr la Hadley Wickham ndi anzake. Kwa ife amene timapikisana ndi batire ya laputopu, kusiyana kwake n'kwakukulu. Koma ndivomereze kuti vuto la kuchedwali linali laling'ono kuposa onse, ngakhale ndi lokhalo limene linkandisowetsa mtendere masiku amenewo. Ndinkaliona ndi maso, n'chifukwa chake ndinkalisamala.

Loyamba mwa mavuto amene sindinawaone linali kampatuliro kakang'ono. Kuno ku Mozambique theka la hekitala timalemba 0,5 pamene ku Malawi amalemba 0.5 ndi kadontho. Kompyuta yoikidwa m'Chipwitikizi ikamasunga fayilo la CSV imalekanitsa makolamu ndi chizindikiro cha semikoloni (;) chifukwa mpatuliro wagwira kale ntchito m'manambala. Alangizi athu ena anali ndi makompyuta a Chipwitikizi, ena ogula ku Limbe a Chingerezi. Za kulekanitsa makolamu ndinaziona n'kuzikonza, koma za mpatuliro wa m'manambala ndinaiwala. R atakumana ndi 0,5 anaiwerenga ngati mawu wamba. Pamene rbind() ankasanjikiza, kolamu yonse ya kukula kwa munda inasanduka mawu, mwakachetechete. Nditaona kuti siikuwerengeka, ndinaikakamiza ndi as.numeric(). R analemba chenjezo m'Chingerezi loti manambala ena asanduka NA, kutanthauza kuti palibe kanthu. Chenjezolo ndinaliona, n'kulidumpha. Kenako ndinasankha ndi subset() anthu okhawo amene munda wawo woonongeka unaposa ziro, osadziwa kuti lamulo limeneli limasiya kunja mzere uliwonse wa NA.

Taganizani amene anatsala ndi amene anagwa. Wa munda wa mahekitala 2 anatsala, chifukwa nambala yake inalibe mpatuliro. Wa hekitala 1 anatsala. Wa 0,5 ndi wa 0,25 anagwa. Nanga m'mudzi, ali ndi kamunda ka theka la hekitala ndani? Ndi amayi amasiye, agogo olera zidzukulu, ndi achinyamata ongolowa kumene m'banja. Kulakwitsa kwanga kunasankha osaukitsitsa. Chopweteka n'chakuti mu R muli kale lamulo la read.csv2() lopangidwira mafayilo a mtundu umenewu. Komanso bind_rows() akanakana kusanjikiza kolamu ya manambala ndi ya mawu, n'kuimitsa ntchito mpaka nditakonza. Ndinkamuthawa chifukwa ankandivuta ndi kukanakana kwakeko.

Kenako ndinafika pa kulumikiza. Ma lista a mafumu analibe nambala za umembala, choncho ndinatenga dzina la munthu ndi la mudzi kukhala kiyi, n'kulemba merge(). Lamulo limeneli, mukapanda kuliuza china, limasunga mizere yokhayo imene yapezeka mbali zonse ziwiri. Yotsalayo limaitaya osanena kanthu. Mbewe sanakumane ndi Mbeue, ndipo onse awiri anasowa. Dzina lotayipidwa ndi kampata kosaoneka kumapeto silinakumane ndi lopanda kampata. La zilembo zazikulu zokhazokha silinakumane ndi la zilembo zazing'ono. A João ndi a Conceição anasanduka zilembo zachilendo, chifukwa fayilo lina linasungidwa mu Latin-1 pamene ine ndinkaliwerenga ngati UTF-8. Ngakhale pamene nambala zinalipo, polumikiza kaundula ndi kafukufuku wa pa foni, nambala yonga 0147 inali itasanduka 147 m'fayilo limene linadutsa mu Excel, chifukwa Excel amadya ziro wakutsogolo akaganiza kuti akuona nambala yowerengera.

Pamene ena ankasowa, ena ankachulukana. M'midzi mwathu mwana amatenga dzina la agogo ake, ndipo anthu atatu a dzina limodzi m'mudzi umodzi si chachilendo. Dzina likapezeka kawiri m'tebulo ili ndi katatu m'tebulo ilo, merge() amatulutsa mizere 6, chifukwa aliyense wa uku amalumikizidwa ndi aliyense wa uko. Panalinso anthu amene nambala yawo ya umembala sinalembedwe. Ine ndinkaganiza kuti NA sangakumane ndi NA mnzake. Zoona zake n'zakuti merge() komanso malamulo olumikiza a dplyr amawatenga ngati ofanana, pokhapokha mutawaletsa. Anthu 10 opanda nambala uku ndi 10 opanda nambala uko amabala mizere 100, munda wa uyu utapatsidwa kwa uyo.

Chimene chinandinyenga kotheratu ndi chiwerengero chomaliza. Chinali pafupi ndi chimene tinkayembekezera. Otayika ndi obwerezedwa anabisana, uyu kutseka dzenje la uyo. Ndinayang'ana nambala imodziyo, mtima n'kukhala pansi. Ndinasindikiza ndandanda, akuluakulu anadinda chidindo, ndipo anandithokoza chifukwa chomaliza msanga.

Tsiku logawa mbewu ndinalipo. Mayina anaitanidwa, anthu n'kumalandira. Bambo wina anaitanidwa kawiri, ndipo anthu anayamba kung'ung'udza. Pamapeto panatsala gulu la anthu atakhala pansi, matumba awo opanda kanthu ali m'manja. Agogo ena aakazi anandiyandikira n'kugwada pang'ono, ine mwana wobadwa dzulo.

"Mwana wanga, dzina ndinapereka kwa amfumu, ndipo anyamata a mafoni aja anafika kumunda kwanga. Kodi ndalakwa chiyani?"

Ine ndinayankha kuti, "Agogo, pepani, yasankha ndi kompyuta."

Pa zonse zimene ndinachita, mawu amenewa ndi amene ndimachita nawo manyazi kwambiri. Kompyuta sinasankhe aliyense. Inachita ndendende zimene ndinailamula. Ndinabisala kumbuyo kwa makina podziwa kuti agogowo sangatsutsane nawo. Ndipo popeza anthu sangakwiyire makina, mkwiyo wawo unagwera amfumu. Kunamveka mphekesera yoti agulitsa mayina, kuti akondera abale awo. Patapita masiku ochepa amfumuwo anabwera ku ofesi kwathu, anakhala pansi, n'kundiuza mofatsa kuti, "Alembi, anthu anga akuti ndadya mayina awo. Lista ija ndinapereka m'manja mwanu. Tandionetsani pamene inathera."

Ndinalibe choyankha. Madzulo ake ndinaimbira mnzanga uja wa ku Quelimane, amene ndinali nditasiya kumufunsa. Anandiuza lamulo limodzi lokha, anti_join(), limene limaonetsa mizere ya m'tebulo loyamba imene ilibe mnzake m'tebulo lachiwiri. Ndinaika ma lista oyambirira a mafumu mbali ina, ndandanda yanga yomaliza mbali ina. Mayina anatsika pa sikilini, ambiri a iwo anthu owadziwa, ena opemphera nawo. Dzina la agogo aja linali pomwepo, kumbali kwake kuli 0,5. M'mawa mwake ndinakauza akuluakulu anga zonse, kenako ndinapita kwa amfumu. Ndinawapempha kuti ndilankhule pamaso pa anthu awo, ndipo ndinanena poyera kuti amfumu sanadye dzina la munthu, wolakwa ndine.

Kukonza kunatenga nthawi yaitali kuposa kulakwitsa. Tinakhala pansi mudzi ndi mudzi, ine, amfumu, asekeretale ndi amayi achikulire odziwa mabanja, kuwerenga dzina limodzilimodzi. Uyu ndi yemwe uja? Ayi, uyo ndi mdzukulu wake. Nanga uyu? Anasamukira kutsidya. Kuchokera pamenepo tinapanga tebulo la kalembedwe kosiyanasiyana ka dzina la munthu aliyense, ndipo banja lililonse linalandira nambala yake yokhazikika, yolembedwa pa kakhadi. Mbewu ina inapezeka, koma inafika mochedwa. Kwa ena chinyontho cha m'dimba chinali chitapita. Anandikhululukira, koma kupepesa sikubweza nyengo yodzala, ndipo ndikudziwa kuti pali nyumba zimene zinagona ndi njala chaka chimenecho chifukwa cha ine.

Tsopano ndinene mmene ndimagwirira ntchitoyi lero, kuti wina asadutse njira yomweyi.

Mafayilo oyambirira sindiwakhudza. Amakhala m'foda yawoyawo mmene anabwerera, ndipo kukonza kulikonse kumalembedwa mu sikiripiti kuti wina athe kubwereza zimene ndachita n'kundigwira ngati ndalakwa. Powerenga, ndimauza R kuti makolamu onse ayambe alowa ngati mawu, pogwiritsa colClasses mu read.csv() kapena mu fread() wa data.table. Potero ziro wakutsogolo sadyedwa, ndipo 0,5 imafika ili 0,5. Ndikatero ndimasandutsa ndekha kolamu iliyonse kukhala nambala kapena tsiku, n'kuwerenga ma NA ndisanasandutse komanso nditasandutsa. Akachuluka ndi mmodzi yekha ndimaima n'kumufufuza. Chenjezo lililonse limene R walemba ndimaliwerenga mpaka nditalimvetsa, ngakhale Chingerezi chake chivute.

Posanjikiza, ndimaonjezera kolamu yosonyeza fayilo limene mzere uliwonse wachokera. Mu rbindlist() ndi idcol, mu bind_rows() ndi .id. Kolamu imeneyi ndi imene imandilola kubwerera kwa mlangizi woyenera ndikapeza chosamveka. Ndimaonetsetsanso kuti makolamu akusanjikizidwa potsata mayina awo, osati malo amene akhala, chifukwa mlangizi mmodzi akasinthanitsa kolamu ya zaka ndi ya mahekitala, agogo a zaka 70 amasanduka mwini munda wa mahekitala 70. Pamene pali mitengo ya zokolola, pamakhalanso kolamu ya mtundu wa ndalama ndi ya tsiku. Kuno mtengo ungakhale wa metikali kapena wa kwacha, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nambala ya mtengo yopanda ndalama yake ndi tsiku lake siuza munthu chilichonse.

Ndisanalumikize, ndimayamba ndayesa kiyi. Ndimafunsa anyDuplicated() ngati pali nambala yobwerezedwa, ndi is.na() ngati pali yosowa. Dzina la munthu si kiyi, ngakhale nambala ya foni si kiyi, chifukwa foni imodzi imatumikira mabanja angapo ndipo munthu mmodzi amakhala ndi manambala a mayiko awiri. Kwa ogwiritsa KoboToolbox, dziwani kuti kolamu ya _index imangowerenga mizere kuyambira 1 m'fayilo lililonse limene mwatsitsa. Mukasanjikiza mafayilo a mafomu awiri, 1 amapezeka kawiri, ndipo ana a banja ili amakalowa m'banja ilo. Kolamu ya _uuid ndi imene siibwerezedwa. Tebulo limene lili ndi mizere ingapo pa banja limodzi, monga la minda kapena la ana, ndimayamba ndaliphatikiza kuti banja lililonse likhale ndi mzere umodzi, kenako n'kulumikiza.

Polumikizapo, ndimasankha tebulo limodzi lokhala mwini wa anthu, ndipo ena onse amabwera kudzaonjezera makolamu pa ilo. Ndimagwiritsa left_join(), kapena merge() wokhala ndi all.x = TRUE, kuti munthu wa m'tebulo lalikululo asatayike ngakhale atasowa mnzake. Kiyi ndimaitchula ndekha nthawi zonse. Mukapanda kuitchula, R amatenga makolamu onse amene mayina awo afanana, ndipo merge() akapanda kupeza dzina lofanana amalumikiza mzere uliwonse ndi mzere uliwonse. Ndimawerenga mizere ndi nrow() ndisanalumikize komanso nditalumikiza, n'kuika stopifnot() kuti sikiripiti iime yokha ngati manambala awiriwo asiyana. Pambuyo pake anti_join() amayenda mbali zonse ziwiri, ndipo mayina amene watulutsa ndimawawerenga ndi maso anga. M'chaka chomwecho cha 2023 olemba dplyr anaonjezera zida zothandiza pa zimenezi. Ndi relationship mumanena ngati mukuyembekezera mzere umodzi pa umodzi kapena yambiri pa umodzi, ndipo ntchito imaima ngati deta ikutsutsa. Ndi unmatched mungalamule kuti ntchito iime m'malo motaya mzere. Ndi na_matches, imene inalipo kale chisanafike chakacho, mungaletse NA kukumana ndi NA. Anzathu a Stata ali ndi mwayi woti lamulo lawo lolumikiza limapanga kolamu ya _merge n'kunena kuti ofanana ndi angati, otsala ndi angati, ndipo buku lawo limachenjeza za kulumikiza kwa m:m, kwa mizere yambiri pa yambiri. Mu R kuwerengako n'kwa inu eni.

Matebulo akakhala ambiri ndipo kiyi yawo ndi imodzi, Reduce() amawalumikiza motsatizana ndi mzere umodzi wa sikiripiti. Ndi njira yabwino, koma ndimaikamo kuyesa kwanga mkati mwenimwenimo, kuti tebulo lililonse likamalowa mizere iwerengedwe. Ndimayambanso ndasankha makolamu okhawo amene ndikuwafuna. Zimenezi zimapeputsa ntchito ya laputopu, komanso zimaletsa makolamu a mayina ofanana kudzaza tebulo ndi ma .x ndi ma .y mpaka osadziwanso kuti woona ndi uti. Pa mayina a anthu, trimws() amachotsa timipata, tolower() amafananitsa zilembo, ndipo phukusi la stringdist lingakuuzeni kuti Mbewe ndi Mbeue ayandikana. Koma limangoloza. Wonena kuti uyu ndi yemwe uja ndi munthu wodziwa mudziwo.

Musaganize kuti izi zimachitika kumidzi kokha kumene zipangizo n'zochepa. Mu Okutobala 2020 bungwe la Public Health England linapeza kuti anthu pafupifupi 16,000 amene anapezeka ndi Covid-19 sanalowe m'chiwerengero pa nthawi yake. Mafayilo ochokera m'malabu ankaphatikizidwa mu mtundu wakale wa Excel wa XLS umene umathera pa mizere 65,536, ndipo zopitirira pamenepo zinkangogwa popanda chenjezo. Anthu amene anakhala pafupi ndi odwalawo sanauzidwe msanga. Dziko lolemera, akatswiri ophunzira, koma chilonda chake n'chofanana ndi changa: mizere inatayika pophatikiza, ndipo panalibe amene ankawerenga zolowa ndi zotuluka.

Kwa akuluakulu a mabungwe ndi maofesi ndikupempha chinthu chimodzi. Mlembi wanu akakubweretserani ndandanda, musamufunse kuti watenga nthawi yaitali bwanji. Mufunseni kuti analowa anthu angati, atuluka angati, ndipo amene sanatuluke ali kuti. Ngati alibe yankho, musadinde chidindo. Mupatseni tsiku lina loti ayese ntchito yake, chifukwa tsiku limenelo n'lotchipa poyerekeza ndi nyengo yonse ya ulimi ya banja limodzi.

Kwa anzanga alembi, a ku Milange, a ku Mulanje, a ku Angónia, a ku Chipata ndi kwina kulikonse, phunzirani njira zachangu, chifukwa n'zabwino ndipo zimapulumutsa nthawi. Koma nthawi imene lapply() ndi rbindlist() akupulumutsirani muibweze pa kuwerenga mizere ndi kufufuza otsala. Ndipo ndandanda iliyonse yokhudza chakudya, mbewu kapena ndalama za anthu, isanagwire ntchito, ipite kaye kumudzi ikawerengedwe mokweza pamaso pa eni ake. Ku bungwe lathu limeneli tsopano ndi lamulo, ndipo ndine amene ndimanyamula pepalalo kupita nalo kwa amfumu. Munthu akasowa pa ndandanda, musanene kuti yasankha ndi kompyuta. Tsegulani sikiripiti yanu, mupeze mzere umene unamutaya, mumubwezeretse, ndipo mumuuze zoona.